Injini ya Namzeze

Lolemba, 6 Okutobala

Keke yasungunukanso.

Kutentha kwa lero kosaneneka. Tinanyamuka bwinobwino, katoni pamiyendo panga, maluwa a kirimu ali chilili monga ndinawaumbira m'mawa. Kufika pa maloboti a pafupi ndi msika, mzere wa magalimoto. Osasuntha. Kasingano kosonyeza kutentha kwa injini kanayamba kukwera. Ine maso pa kasingano, achimwene akuimba mluzu ngati sakuona. Katayandikira pofiira anati, "Pirira, Phee," n'kuyatsa hita. Akuti hita imakoka moto wa mu injini n'kuutulutsira mkati. Imakokadi. Koma mkatimo ndi momwe muli ine ndi keke.

Pofika ku lesitilanti maluwa onse atagona. Dzina la mwana wa eni phwando litatsetserekera m'mbali. Madamu, eni lesitilanti, anatsegula katoni, kuyang'ana, kutseka. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Manja uli nawo mwanawe, koma makasitomala anga sadya manja."

Ndinangotuluka. Mawu anga amabwera ndili kale panjira yobwerera.

Namzeze ndiye galimoto yokhayo tili nayo. Bambo anatisiyira tonse awiri, ine ndi achimwene. Yofiira, yaifupi ngati yagwada, mipando iwiri basi. Ikamadutsa anthu amacheuka. Sadziwa kuti mkati mwake munthu akupsa ngati ali mu uvuni. Achimwene amatseka kometera kwawo masana aliwonse kuti andiperekeze. Pa chimenecho ndilibe nawo mlandu.

Lachitatu, 8 Okutobala

Namzeze wafa.

Pamphambano penipeni. Nthunzi yoyera pa boneti, fungo ngati la mphika wopserera. Hita sinathandize. Odutsa anatithandiza kukankhira pambali, wina akuseka, "Yothamanga ija ndi imeneyi?" Ndinatsika ndi katoni n'kuyenda wapansi, dzuwa lili paliwombo. Mwayi lero anali makeke aang'ono opanda kirimu.

Madzulo anamukokera ku galaji ya a Makaniko, amene ankakonzera bambo. Ndinapita nawo chifukwa kathumba kanga ka zoumbira maluwa kanatsalira pansi pa mpando. A Makaniko anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kutionetsa. Oyilo ngati tiyi wamkaka. Akuti madzi alowa mosayenera kulowa, mutu wa injini wang'aluka. Kenako anamasula paipi ina, kusuzumira, n'kuwayang'ana achimwene nthawi yaitali. Muli kachitseko kamene kamatsegula ndi kutseka madzi ozungulira mu injini. Mwa Namzeze mulibe. Achimwene anati anachotsa okha chaka chatha, anzawo a kometera anawauza kuti kumalo otentha n'kosafunika, aliyense amachotsa.

A Makaniko anati, "Eya, aliyense amachotsa. N'chifukwa chake ana anga akunenepa."

Kukonza akuti n'kutaya nthawi. Ifunika injini ina. Ndalama zimene bambo anasiya zikwanira injini imodzi, kamodzi.

Sindinalire. Ndatsuka matini onse, ngakhale oyera kale.

Lachinayi, 9 Okutobala

Madamu andipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi. Panopa ndizipititsa makeke opanda kirimu pa minibasi. Koma akuti nyengo ya maukwati ndi maphwando yayandikira, akufuna munthu woti akanena Lachisanu likhale Lachisanu, keke itaimirira. Pali mayi wina ali ndi vani yozizira mkati, wabwera kale kangapo kudzawalankhula. Anandiuza mosabisa. Ndinathokoza.

Keke ya kirimu pa minibasi ndinayesapo kamodzi. Kondakitala anasanjikapo thumba la anyezi. Takisi imadya phindu lonse ndi katoni yomwe.

Ndikaluza kwa Madamu ndibwerera kwa azakhali. Kuchapa, kusita, kulera ana a eni, kudzuka anthu onse ali mtulo. Ndinakhalako kuyambira pomwe ndinasiya sukulu mpaka bambo atadwala. Kuphika keke ndinaphunzira komweko, moba, pa uvuni wawo. Sanali ankhanza. Koma kumeneko palibe chinthu chinali changa, ngakhale supuni.

Pano ndili ndi uvuni wanga, sikelo yanga, matini anga.

Loweruka, 11 Okutobala

Kogulitsa injini. Shedi yaitali ya malata. Injini zili ndandanda pansi, iliyonse pa tayala lake ngati nkhuku zofungatira. Zonse zogwirapo kale ntchito. Zokwana mwa Namzeze zilipo ziwiri.

Amaziliza pansi pomwepo. Batire, botolo la petulo, kukhudzanitsa mawaya. Yoyamba ya tebo, kachipangizo koonjezera mphamvu. Itabangula malata ananjenjemera, galu kuthawa, amuna onse kuomba m'manja. Ikamatsika imachita ngati ikuyetsemula. Achimwene maso mwaa ngati mwana waona maswiti. Wogulitsa akuti, "Iyi ndi ya amuna, bwana."

Yachiwiri yopanda tebo, mtundu womwewo wa imene yafa koma yatsopanoko. Inangolira mofatsa ngati makina osokera. Palibe anaomba m'manja. Wina anati ndi ya agogo yopitira ku sikelo ya matenda a shuga.

Ine ndinaikonda. Sindinanene.

Pobwerera tinadzera kwa a Makaniko. Ndilembe monga ndinamvera kuti ndisaiwale. Tebo imazunguzidwa ndi utsi wotentha wa injini, n'kumakankhira mpweya wambiri mkati, ndiye mphamvu. Si yoipa. Koma ili ngati kuyatsa mbaula yachiwiri m'khitchini yaing'ono. Pamsewu wautali mphepo imaiziziritsa. Pamzere wa magalimoto masana mphepo kulibe. Komanso pansi pa boneti ya Namzeze malo ndi ochepa. Mapaipi a tebo akalowa, makina a eyakoni, oziziritsa mkati mwa galimoto, asowa pokhala. Ndi inayo eyakoni ikwana, rediyeta yoziziritsa madzi yokulirapo ndi mafani awiri.

Achimwene anati aike tebo, mawindo alipo.

A Makaniko anapukuta m'manja. Akuti iwo ali ndi lamulo lawo: galimoto ya anthu awiri amafuna pakamwa pawiri. Kale anaika injini atamva kwa munthu mmodzi, abale awiri anadzamenyana ndi masipanala m'galaji momwemo, iwo polanditsa anataya dzino. Anationetsa pomwe linali.

Achimwene anati, "Phee alibe vuto, madala. Zomwe ndanena ine ndi zomwezo."

A Makaniko anayang'ana ine. Ndinagwedeza mutu. Sindikudziwa ngati ndinkavomera kapena kukana.

"Chemwali, makutu angawa samva mutu. Mubwere Loweruka linalo ndi mawu."

Lamulungu, 12 Okutobala

Patebulo nkhani ndi tebo yokhayokha. Kenako achimwene anafatsa. Akuti ali mnyamata, Lamulungu lililonse ankapita ndi bambo ku bwalo lakale la ndege kumene anthu amathamangitsa magalimoto. Namzeze ankatsogola poyamba, chakumapeto anzawo n'kumupitirira. Pobwerera bambo ankamenya chiwongolero n'kunena kuti tsiku lina tidzamuika tebo. Ponena zimenezi maso a achimwene anali atanyowa.

Ine za ku bwalo la ndege sindizidziwa. Nthawi imeneyo ndinali kwa azakhali.

Ungatsutse bwanji munthu amene ali m'manda?

Tikutsuka mbale alamu, akazi a achimwene, anandigunda ndi chigongono. "Mlamu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Ndinawapempha andilankhulire. Akana. Akuti iwo akalowererapo ikhala nkhani ya m'banja, pamene galimoto si yawo. Akuti achimwene si chilombo, kungoti anazolowera kuti ine ndikakhala chete ndiye kuti ndavomera.

Ndani anawazoloweza? Ine ndemwe.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndakonza mawu. Aafupi, kuti ndisapunthwe: Achimwene, ine ndikufuna inayo.

Ndawauza uvuni. Ndauza mbale yosakanizira. Ndauza mazira onse mmodzimmodzi ndisanawaswe. Amatuluka bwinobwino.

Madzulo ndinamva geti. Ndinaima pakhomo, manja kumbuyo. Achimwene analowa akupukuta thukuta, "Bwanji Phee?" Ine, "Madzi osamba ndatenthetsa."

Kunja kukutentha chonchi. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Pa minibasi lero mayi wina anatsamira katoni ndi chigongono njira yonse. Makeke awiri aphwanyika. Ndadya ndekha, ndi mkwiyo.

Lachisanu, 17 Okutobala

Tsiku losokoneza.

Madamu anapempha keke ya kirimu ya tsiku lobadwa, ya kasitomala wawo wakale. Sindikanakana. Achimwene anati asandidetse nkhawa, apempha mnzawo Chiphaliwali, wogulitsa matayala, andinyamule pa galimoto yake ya tebo. Akuti ndikaone ndekha.

Yabuluu, yaikulu kuposa Namzeze. Mkati kuzizira ngati m'firiji. Pa maloboti paja mzere unalipo monga mwa masiku onse. Ndinayang'anitsitsa kasingano. Sikanasunthe. Ndinkafuna kasunthe, Mulungu andikhululukire.

Titadutsa mlatho, pamsewu waukulu paja, Chiphaliwali anati, "Gwirani keke, asisi." Msana unamatirira kumpando. Mimba inatsala kumbuyo. Mitengo kungoti psiti psiti. Ndinamva munthu akuseka mokweza, kuona ndi ine ndemwe. Manyazi ake!

Keke yafika yathunthu, duwa lililonse pamalo pake. Madamu akuti, "Ukuonatu, zimatheka." Achimwene pafoni, "Ndiye pali nkhaninso?"

Chifukwa changa chatha.

Chakumadzulo ndinapita ndekha ku galaji. Ndinaima pageti mpaka a Makaniko anandiona okha. Anandipatsa kreti yokhalira. Ndinafunsa, ndikuyang'ana pansi, chifukwa chake ya Chiphaliwali sitentha.

Akuti ija inabadwa nayo tebo. Opanga anaisiyira malo, mphepo anaikonzera njira zake. Mwa Namzeze tikhala tikulowetsa mlendo wonenepa m'chipinda cha mwana. Atha kulowa. Mwina adzagonamo bwino. Koma padzapita miyezi akusuntha ichi, kudula icho, lero ali pamsewu mawa ali m'galaji. Ndipo eyakoni iwalani. Inayo ndi masiku ochepa chabe.

Ndinati ndiye mawa awauze achimwene zimenezo. Akuti anawauza kale, ine ndilipo.

"Sindikusankhirani, chemwali. Ine sindikweramo."

Loweruka, 18 Okutobala

Ndanena.

Mawu anatuluka aang'ono ngati a kamwana ka mphaka. A Makaniko anaika dzanja kukhutu, dala, kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Ndikufuna yopanda tebo.

Achimwene poyamba anaseka. Ataona kuti sindikuseka nkhope inasintha. "Iwe ukudziwapo chiyani za injini?"

Ndinati palibe. Ndikudziwa za keke.

Anati dzulo lomweli keke yafika bwino pa tebo. Anati ndi zimene bambo ankafuna. Anati ine ndimakhala mbali ya wokwera, woyendetsa ndi iwo. Zonse zoona. Ndinangogwira chikwama changa zolimba n'kunenanso mawu omwe aja, chifukwa ena ndinalibe.

A Makaniko akuti, "Pakamwa pawiri, injini ziwiri, boneti imodzi. Mukamvana mundipeza, sindisamuka."

Tinabwerera wapansi. Iwo patsogolo, ine pambuyo, ngati anthu osadziwana.

Kufika kunyumba aliyense walowa m'chipinda chake. Koma chodabwitsa, pachifuwa papepuka.

Lachitatu, 22 Okutobala

Achimwene sakundilankhula. Akudyera kometera. Akafuna sopo amafunsa alamu, ine ndili pomwepo ndi sopoyo m'manja.

Sitinayambanepo chibadwire. Poyambana pamafunika anthu awiri olankhula.

Mayi wa vani ndamuona. Wansangala, wolankhula bwino, anandipatsa moni. Anasiya keke yake pa kauntala kuti Madamu alawe. Ndinaiyang'ana mwakuba. Maluwa ake opindika, masamba okhuthala. Koma yozizira, yoimirira.

Azakhali anaimba foni. Amva kuti galimoto inafa. Akuti kachipinda kanga kalipobe, mtsikana amene anamulemba ndi waulesi. Ndinati zikomo, ndiganizire.

Ndaganizadi zongovomera tebo kuti m'nyumba muno mubwerere mtendere. Ndinafika mpaka pakhomo la chipinda chawo. Kenako ndinakumbuka kuti mtendere umenewo ndikaudyera kwa azakhali.

Ndaphika keke ya mandimu yongoyeserera. Yakwera bwino kwambiri. Ndasiya chidutswa patebulo, ndavindikira ndi mbale. M'mawa ndiona.

Lachinayi, 23 Okutobala

Chidutswa chadyedwa. Mbale yatsukidwa. Mawu ayi.

Lachisanu, 24 Okutobala

Sindinakonzekere. Madamu anandikumbutsa kuti kwatsala sabata. Ndikutuluka, miyendo inangonditengera kometera.

Sindinalowemo chiyambire. Amuna okhaokha, mpira pa kanema, tsitsi pansi, fungo la sipiriti. Nditaima pakhomo ndi katoni yopanda kanthu onse anandicheukira. Achimwene makina ali m'manja, kasitomala atametedwa mbali imodzi. Chiphaliwali pabenchi.

Zomwe ndinanena ndikuzikumbuka bwino, chifukwa ndinazimva ngati akunena wina. Ndinati, achimwene, inu mukufuna Namzeze wa Lamulungu, ine ndikumufuna Lolemba mpaka Loweruka. Akapanda kuyenda sabata yamawa, ine ndibwerera kwa azakhali kukachapa zovala za eni. Sindikufuna kubwerera.

Wina analiza mluzu. Wina akuti, "Phee walankhula, anthuni anulani zovala, mvula igwa!"

Achimwene analoza Chiphaliwali ndi makina. "Ya uyu sinakufikitse bwinobwino?"

Chiphaliwali anakanda kumutu. "Aise, chilungamo. Lija linali tsiku limodzi. Ija ndimaitulutsa Lamulungu. Mkati mwa sabata ndimayendera ya mayi a kunyumba. Tsiku ndi tsiku pamzere uja, dzuwa limeneli? Ndimaikonda galimoto yanga."

Chiseko chonse chinatembenukira kwa iye. Akuti kodi kagalimoto koyera kokhala ndi chidole pagalasi kaja ndi kako? Achimwene okha sanaseke. Ankayang'ana ine.

Kasitomala uja anati, "Abale, za injini mukakambirane kunyumba, mutu wangawu uli theka."

Ndinathawa. Katoni ndinaisiya pakhomo pomwepo. Kufika kunyumba ndinadzitsekera m'khitchini, nkhope ikutentha kuposa uvuni. Ndawachititsa manyazi pamaso pa anzawo. Kapena ndadzichititsa ndekha. Sindikudziwa.

Loweruka, 25 Okutobala

Katoni yanga achimwene anabwera nayo dzulo madzulo. Ndaipeza pa sitovu, atakutumula tsitsi lonse.

M'mawa ndikusefa fulawa analowa m'khitchini. Anakhala pa ndowa yovundikira. Nthawi yaitali akungoseweretsa makiyi. Kenako anati sankadziwa kuti kwa azakhali kunkandiwawa chonchi. Ankaona ngati ndinkakondako. "Sunanenepo, Phee."

Ndinati simunafunsepo. Zinangotuluka. Anavomera ndi mutu.

Akuti chabwino, tiike ya agogoyo. Za tebo bambo ankanena pobwerera atagonja, ndipo munthu wogonja amanena zambiri. Koma pali mfundo. Iwo sakhala dalaivala wa makeke mpaka kalekale, makasitomala akuthawira kwa ometa ena masana. Ngati Namzeze ndi wanga Lolemba mpaka Loweruka, ndiphunzire kumuyendetsa ndekha. Andiphunzitsa Lamulungu lililonse mpaka nditenge laisensi.

Ine? Pamsewu? Anthu akundiimbira hutala, akundiyang'ana? M'manja munachita thukuta, fulawa n'kumatirira.

Ndinati chabwino.

Ku galaji a Makaniko anatifunsa mmodzimmodzi ngati pa ukwati. Achimwene anayankha mokhumata, ine ndinayankha osadikira dzanja la kukhutu lija. Potuluka achimwene anabwerera n'kunong'ona kuti ekizozi yokha, paipi yotulutsa utsi, aike yolira, anthu asadziwe. A Makaniko akuti imeneyo ndi yaulere, ya chipepeso.

Alamu anandipsinja tsaya ngati mwana.

Lachinayi, 30 Okutobala

Masiku apitawa ndakhala ndikudzera ku galaji pochokera ku lesitilanti. Kungoyang'ana. Lachiwiri paipi ina sinakwane, anakasaka tsiku lonse, ine mtima uli m'mwamba. Dzulo mpweya wa eyakoni unkatuluka penapake. Lero zatha.

Kachitseko ka madzi kabwerera pamalo pake. Mu rediyeta athiramo madzi obiriwira a m'botolo, akuti a pampopi amadya zitsulo mkati. A Makaniko anawalumbiritsa achimwene dzanja lili pa boneti kuti malangizo a kometera azithera pa ndevu.

Kuyesa kwawo sikofanana ndi kwa ku shedi kuja. Anamutulutsa Namzeze padzuwa masana, kuliza injini, kuyatsa eyakoni, kutseka zitseko, n'kupita kukadya. Akuti injini iliyonse imaoneka yabwino m'mawa pamthunzi. Ine ndinatsala ndikusuzumira pawindo. Kasingano kanakwera mpaka pakati. Mtima phaa. Kenako mafani anayamba okha, wuu, kasingano n'kuima pomwepo. Anazima. Anayambanso. Ngati munthu wopuma bwinobwino.

Mawa keke yosanjikiza ya chinkhoswe cha mwana wa mnzawo wa Madamu. Maluwa oyera ang'onoang'ono kuzungulira monse. Ndapanga ena apadera, mwina.

Lachisanu, 31 Okutobala

Mzere wa lero woposa masiku onse. Lole inafera pa maloboti. Ogulitsa madzi akuyenda pakati pa magalimoto, phula likunyezimira, galimoto ina kutsogolo boneti ili yasa, mwini wake akuikupiza ndi katoni.

Ife mawindo otseka. Kasingano pakati. Ndinachita tsembwe m'manja chifukwa cha kuzizira. Mwa Namzeze!

Achimwene akung'ung'udza kuti ikukoka ngati ngolo. Koma titadutsa mlatho anaiponda pang'ono, inayankha, ekizozi n'kubangula. Ndinawaona akumwetulira chakumbali. Ndinakhala ngati sindinaone.

Madamu anatsegula katoni. Anayang'ana mbali zonse. Anakhudza duwa limodzi ndi nsonga ya chala, lolimba. Anaitana wophika wawo adzaone. Kenako anati, "Maukwati onse a mwezi wamawa ndi Disembala ndi ako. Ukwanitsa?"

Ndinati ndikwanitsa. Pomwepo, osati panjira yobwerera.

Maluwa apadera aja adya alamu.

Azakhali ndawaimbira. Ndawauza kuti amupirire mtsikana uja, mwina ndi wamanyazi chabe.

Lamulungu, 9 Novembala

Sabata yonse osalemba. Maoda. Msana ukuwawa, koma kuwawa kwabwino.

Lero kachiwiri ku bwalo la ndege. Timapita m'mawa othamangitsa magalimoto asanafike, kuti pasakhale wondiona. Msewu wautali, wotambalala, udzu utamera m'ming'alu. Ndimaika pilo kumsana kuti mapazi afike.

Sabata yatha Namzeze ankangodumpha n'kuzima, kudumpha n'kuzima. Achimwene akuti ndikumuyendetsa ngati chule. Lero anandiuza kuti klachi ndiitulutse monga ndimathirira mkaka mu fulawa, pang'onopang'ono, osasiya. Zinatheka. Giya yoyamba. Yachiwiri. Kutembenuka kumapeto, kubwerera. Yachitatu.

Anandionetsa pomwe bambo ankapitiriridwa, pali mtengo wouma. Anati tikafika pamenepo ndiyambe kuchepetsa.

Ulendo womaliza ndinaika yachinayi. Kutsogolo kopanda munthu, kopanda loboti, kopanda wondiyang'ana. Ndinaponda pang'ono. Kenako pang'ono pena. Mtengo wouma ndinangouona ukudutsa. Achimwene atagwira chitseko ndi manja onse, "Phee! Phee! Iwe, si mpikisano!"

Titaima anatuluka, kuzungulira galimoto, kukhala pansi pa phula. Akuti magazi a bambo anadutsa iwo n'kukathera mwa ine, ndipo zaka zonsezi anthu akhala akuopa munthu wolakwika. Akuti pamsewu ndi keke ndikachita zimenezi andilanda makiyi. Ndalonjeza. Ndi keke sindingatero.

Mawa keke ziwiri za ukwati, batala ndatulutsa kale kuti afewe. Ndiyenera kulemba zogula, shuga watsala pang'ono, mazira, makatoni aakulu. Koma phazi langa lamanja pansi pa tebulo pano likungoponda lokha.